Galimoto yamagetsi imene inatsekedwa pakamwa: lipoti kwa amakaniko anzanga

Galimoto iyi inabwera pagalaja pathu kangapo. Ulendo woyamba inatuluka ndisanayikhudze n'chala chomwe, ndipo pamenepo ndi pomwe ndinalakwa. Ndalemba nkhaniyi chifukwa cha ulendo woyambawo. Kukonza kwenikweniko sikunali kovuta, mnyamata aliyense wodziwa kugwira mita akanatha.

Eni ake ndi mayi ena ogwira ntchito ya unamwino, amene masiku ena amanyamuka pakhomo kusanache, masiku ena amaweruka anthu akungodzuka kumene. Galimotoyo ndi yaing'ono, yoyendera batire lokha, ndipo anayigula kwa munthu amene anali atayiyendetsa kale zaka zingapo. Mtundu wake sindiutchula, chifukwa zimene ndinapeza zingapezeke pa galimoto iliyonse yamagetsi kapena ya hybrid (yokhala ndi injini ndi mota yamagetsi pamodzi). Atangotsika anati: "Bambo, tandizimitsireniko kaphokoso kamene kamalira ndikamayenda pang'onopang'ono. Ndikamatuluka m'bandakucha kamandidzutsira mwana, aneba nawonso ayamba kuyankhula. Ngakhale ine ndemwe kakundiboola m'makutu."

Kwa amene simunagwirepo magalimoto amenewa, kaphokosoko si ka mota ayi, n'kochita kupanga. M'mabuku a opanga magalimoto amakatchula kuti AVAS. Kuseri kwa bampala ya kutsogolo kumakhala sipika yomatidwa bwino kuti isalowe madzi, magalimoto ena amakhala ndi inanso kumbuyo, ndiye pali kabokosi kamene kamamva liwiro ndi giya kudzera pa mawaya a CAN (amene makompyuta a m'galimoto amatumiziranapo uthenga) n'kumatumiza mawu ku sipikayo. Galimoto ya petulo kapena ya dizilo imadzilengeza yokha ndi injini. Yamagetsi ikamayenda pang'onopang'ono imangoti zii, mpaka liwiro litakwera moti matayala ndi mphepo n'kuyamba kusokosa. Zii ameneyo ndi amene AVAS anayiikira.

Ndinawayankha ngati mphunzitsi, ndipo palibe bodza lililonse limene ndinanena. Ndinawauza kuti lamulo la United Nations nambala 138, limene maiko ambiri amatsatira povomereza magalimoto atsopano, limafuna kuti phokosolo lizimveka galimoto ikangoyamba kusuntha mpaka itafika pa makilomita 20 pa ola, komanso ikamabwerera m'mbuyo. Limatchula ndi mlingo womwe: ma decibel (muyeso wa kukula kwa phokoso) osachepera 50 pa makilomita 10 pa ola, 56 pa makilomita 20, 47 pa rivesi, koma osapitirira 75. Ku European Union chipangizochi chinakhala chokakamiza pa mitundu yatsopano ya magalimoto kuyambira pa 1 July 2019, ndi pa galimoto iliyonse yatsopano kuyambira pa 1 July 2021. Ku America lamulo lake analisaina Barack Obama mu January 2011, a bungwe la anthu osaona la National Federation of the Blind atalilimbikira kwa zaka, ndipo kumeneko phokosolo limayenera kumveka mpaka makilomita 30 pa ola. Kumenekonso galaja siiloledwa kupha chipangizo chachitetezo chimene lamulo linati chikhale pa galimoto.

Mayiwo anandidula. Anati mnzawo wa kuntchito ali ndi galimoto yamagetsi yokhala ndi batani lozimitsira phokosolo, nanga yawoyi yalakwanji? Izinso n'zoona. Nissan Leaf zoyambirira, zimene zinayamba kugulitsidwa kumapeto kwa 2010, zinali ndi batani lotere, ngakhale kuti ukathimitsa galimoto n'kuyilizanso phokosolo linkabwerera lokha. Koma malamulo anadzasinthidwa, batanilo linaletsedwa ku Japan ndi ku Europe, choncho magalimoto a m'mbuyo muno alibe. Ndinamaliza ndi mawu akuti pagalaja pano sitizimitsa.

"Ndamva bambo, zikomo." Analowa m'galimoto, n'kubwerera m'mbuyo kupita kugeti. Ine n'kuti mutu ndaulowetsa kale pansi pa boneti ya galimoto ina. Mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito anandiyandikira nati, "Bwana, galimoto ija ikulira ngati mavu atsekeredwa m'chitini." Ndinamuyankha kuti zamagetsi zimalira choncho, apitirize kutsuka masipanala. Timati mawu a akulu amakoma akagonera. Apa amene anagonera anali a mwana.

Ulendo wachiwiri

Patapita masabata asanu ndi awiri, mayi aja anatulukira masana dzuwa lili paliwombo. Sanatsike msanga. Atatsika anayamba ndi kupepesa, ine osadziwa chimene akupepesa.

M'mawa wa tsiku lomwelo anaweruka ku shifiti ya usiku. Pamalo oimika magalimoto a kuntchito kwawo ankatuluka pang'onopang'ono, liwiro la munthu woyenda pansi, pakati pa mizere iwiri ya magalimoto oima. Kuseri kwa minibasi ina kunatulukira bambo achikulire osaona, ndodo yoyera ili patsogolo. Mayiwo anaponda buleki, koma bampala inali itagunda kale ndodoyo ndi bondo. Bambowo anakhala pansi, chikhatho chinasupuka, bondo linatupa. Fupa silinathyoke. Mayiwo anawamanga okha balalo, manja akunjenjemera. Chimene chinawabweretsa kwa ine ndi mawu amene bambowo ananena osakalipa n'komwe: "Mwana wanga, ndinaima, ndinamvetsera. Kunalibe kanthu."

Kenako anaulula. Atachoka pagalaja pathu tsiku lija anapita kwa munthu wina wa zamagetsi a galimoto, amene anawazimitsira phokosolo m'mphindi zochepa. Pa dashibodi sipanayake nyali iliyonse, choncho iwo anayesa kuti ntchito yagwiridwa mwaukatswiri.

Anzanga, taonani kuti bambo aja sanalakwitse chilichonse. Munthu wosaona amawoloka ndi makutu. Amaphunzitsidwa kuima, kumvetsera kumene injini zikuchokera ndi kumene zikulowera, ndiye n'kuponya phazi. Anachita zonsezo ndendende. Malo amene zinachitikira nawonso si achilendo. Bungwe loona za chitetezo cha pamsewu ku America la NHTSA linapeza mu 2009 kuti pa mayendedwe apang'onopang'ono, monga kuima, kubwerera m'mbuyo, kulowa ndi kutuluka poimika, magalimoto a hybrid ankagunda oyenda pansi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi a injini wamba. Kafukufuku wa London School of Hygiene and Tropical Medicine amene anatuluka mu 2024, wowerengera ngozi za ku Britain kuyambira 2013 mpaka 2017, AVAS isanakhale yokakamiza, anapezanso kuwirikiza kawiri, ndipo m'mizinda katatu. Tsiku loyamba lija ndinawerengera mayiwo malamulo onse, koma za malo oimika magalimoto ndi ndodo yoyera sindinatchule. Mwina akanamva zimenezo.

Zimene ndinapeza

Ndinayamba ndi kompyuta monga mwa nthawi zonse. Khodi ya vuto panalibe ngakhale imodzi, yatsopano kapena yakale. Nditatsegula tsamba loonetsa zimene zikuchitika galimoto ikuyenda, kabokosi ka AVAS kankanena kuti kakugwira ntchito: liwiro kakuliona, giya kakuliona, mawu kakutumiza. Munthu wokhulupirira kompyuta yokha akanadinda pepala kuti zonse zili bwino.

Ndiye ndinamuuza mnyamata uja kuti ayiyendetse pabwalo, ine ndinaima pambali nditatsinzina. Pa simenti yosalala sindinamve kalikonse mpaka mphepo ya galimotoyo itandikhudza pamkono. Pa timiyala ta kugeti pankamveka kukukuta kwa matayala, koma galimoto itafika kale pafupi.

Tinayikweza pa lifiti. Ndisanagwire kanthu ndinayithimitsa n'kukaika kiyi patali. AVAS imayendera magetsi a mavoti 12, payokha siingakuvulazeni, koma kutsogoloko kumadutsa mawaya aolenji a magetsi aakulu, ndipo fani yoziziritsira ikhoza kuyamba kuzungulira yokha dzanja lili pomwepo. Bampala sindinayichotse. Ndinangomasula chivindikiro chapansi n'kulowera kumeneko, chifukwa pa bampala ya galimoto iyi pali masensa amene ukawasuntha wadzipezera ntchito ina yowachuna.

Pulagi ya sipika inali yozulidwa. Kumbali ya mawaya ochokera ku kabokosi anali atalowetsamo ka resistor (kachipangizo kochepetsa magetsi odutsa), n'kukulunga zonse ndi tepi yakuda. Nzeru yake ndi iyi: kabokosiko kamayeza ngati kumapeto kwa mawaya ake kuli katundu. Kakapeza kuti kulibe, kamalemba khodi ndi kuyatsa nyali. Ka resistor kamakhala m'malo mwa koilo ya sipika, kabokosi n'kumakhulupirira kuti sipika ilipo. Koma kabokosiko sikasiya kutumiza mphamvu, ndipo mphamvu imene imayenera kusanduka mawu imasanduka kutentha. Ka resistor kaja kanali katada, tepi yoyandikana nako itafewa n'kumamatira zala. Madzi anali atalowa kunsi kwa tepiyo, timapini ta pulagi tinali titachita dzimbiri lobiriwira. Sizikanatenga miyezi yambiri kuti pulagi ife yokha, kapena kuti mawaya awiriwo agundane n'kupsereza kabokosi.

Mpaka apa nkhani inali yosavuta, ndipo mtima wanga unali kuloza chala kwa mmisiri mnzanga uja. Kenako ndinaunika sipika yeniyeniyo.

Bulaketi yake inali yothyoka mbali imodzi. Labala amene amakhala pakati pa sipika ndi chitsulo anali atasowa, moti sipikayo inkatsamira mwachindunji pa chitsulo chopingasa cha kuseri kwa bampala. Chikombole chake chinali ndi mng'alu, ndipo nditayipendeketsa munatuluka timadzi tamatope. Mozungulira ndinaona penti yowazikira pa mawaya ndi timakilipi tosafanana ndi tinzake. Galimotoyi inagundapo kutsogolo mayiwa asanayigule, ndipo amene anakonza anangosamala za kunja kooneka ndi maso.

Ndinapala timapini tija, n'kulumikiza sipikayo mongoyembekezera. Mnyamata atalowetsa rivesi pa lifiti pomwepo, kunamveka mavu ake aja. Mawu amene amayenera kukhala kung'ung'udza kosalala anali kukhadzula kokanda m'makutu, ndipo popeza sipika inkagunda chitsulo, kunjenjemerako kunkayenda m'thupi lonse la galimoto n'kukatulukira m'kati, pansi pa mapazi a woyendetsa. Ndinakhala pampando n'kumvetsera kwa mphindi imodzi yokha. Inenso ndikanafuna kuti wina andizimitsire.

Mayiwa sanali kudana ndi AVAS. AVAS yabwinobwino anali asanayimvepo chiyambire. Anagula galimoto ili ndi sipika yophwanyika, anayesa kuti ndi mmene imalirira, ndipo atabwera kwa munthu amene amayenera kudziwa, munthuyo anawawerengera malamulo a ku Europe. Ndikanangoti "tayilizani ndimve," vutolo likanadziwika tsiku lomwelo, mmisiri wa tepi yakuda uja sakanayiona galimotoyi n'komwe.

Zimene tinasankha

Njira yachangu inali kungobwezera pulagi n'kuwauza kuti apirire. Sindinayitenge. Mantha a ngozi amazirala. Pakanatha miyezi iwiri kapena itatu, mwana akudzuka m'bandakucha uliwonse, tepi yakuda ikanabwereranso, mwina mayiwo osauza aliyense.

Mnyamata anaganiza zoti tiyike kabeza kaja kolira "pii, pii" kamene timamanga pa malole. Ndinakana, ndipo ndikufuna kufotokoza chifukwa chake popeza ndamva amakaniko ena akulangizana zomwezi. Phokoso la AVAS silongoti bola limveke. Lamulo nambala 138 lija limafuna kuti mawuwo azikwera galimoto ikamathamanga ndi kutsika ikamachedwa, monga imachitira injini, kuti womvetsera adziwe ngati ikubwera mwachangu kapena ikuima. Limafunanso kuti mphamvu ya mawuwo ikhale m'magawo osachepera awiri, limodzi la mawu otsikirapo, osapitirira ma hertz 1,600. Izi zimathandiza okalamba, amene mawu oonda amayamba kuwasowa m'makutu. Kabeza kolira liwu limodzi sikauza munthu za liwiro, n'kovuta kudziwa kumene kakuchokera, ndipo kwa aneba kakanakhala koipa kuposa mavu aja.

Panalinso njira yolowa m'kabokosi ndi kompyuta n'kusintha zina kuti mawu achepe. Pa magalimoto ena zimatheka. Koma opanga anachuna mawuwo kuti afike pa mlingo wa lamulo atayezedwa ndi zida zawo, maikolofoni ili pa mamita awiri kuchokera pakati pa njira ya galimoto. Ine zida zimenezo ndilibe. Nditatsitsa ndi dzanja langa, tsiku la ngozi ndani angaime n'kunena kuti phokosolo linali lokwanira? Ndinawakumbutsanso mayiwo kuti galimoto ikapezeka itasinthidwa pa chipangizo chachitetezo, nkhani ndi a inshuwalansi imatha kuvuta, ndipo kumayiko kumene malamulo sanatchule AVAS n'komwe, funso la kusasamala limakhalapobe munthu akavulala.

Tinagwirizana zoitanitsa sipika yeniyeni ya galimotoyo, bulaketi, malabala ake ndi pulagi yatsopano yokhala ndi timawaya take. Katunduyo amafuna masiku asanu ndi anayi kuti afike, ndipo apa ndi pomwe ndinavutika kusankha. Mayiwo sakanatha kusiya galimoto, ntchito yawo siidikira. Kuyitulutsa ili chete sindikanalola. Ndinabwezera sipika yophwanyika ija, ndinayichotsa pa chitsulo poyika chidutswa cha labala wochindikala, n'kuyimanga ndi timalamba tapulasitiki. Mawu ake anakhalabe oipa kunja, koma m'kati kunjenjemera kunachepa kwambiri. Pa khadi ya ntchito ndinalemba kuti n'zongoyembekezera, ndinalembanso zonse zimene ndinapeza, n'kujambula zithunzi ndisanachotse ka resistor. Mayiwo anasaina. Sikuti ndinkawakayikira, koma panali munthu wovulala, ndipo nkhani zotere zimadzuka nthawi imene simukuziyembekeza.

Katundu atafika, ntchito inatenga ola limodzi ndi theka. Mawaya adzimbiri ndinawadula kufika pamene mkuwa unali wowala, ndinalumikiza pulagi yatsopano ndi mtovu, n'kuvindikira ndi kachubu kofota ndi kutentha kokhala ndi guluu m'kati. Tepi m'malo amene amasamba matope mvula iliyonse ndi kungodzinamiza. Ndinafufuta makhodi amene ndinayambitsa ndekha pozula ndi kulumikiza, kenako tinatuluka panja.

Pulogalamu yoyeza phokoso ya pafoni ndinayigwiritsa ntchito pongofanizira kale ndi tsopano. Manambala ake sindiwalemba pano, chifukwa maikolofoni ya foni siyoyenera kuweruzira mlandu. Mayeso amene ndimawakhulupirira ndinawapatsa mayiwo. Ndinawaimika pambali pa njira, kuseri kwa mzere, ndinawauza atsinzine n'kukweza dzanja akangomva galimoto. Ulendo woyamba ndinazula pulagi mwadala osawauza. Dzanja linakwera galimoto itafika kale pamaso pawo. Ulendo wachiwiri ndinalumikiza. Dzanja linakwera galimoto idakali kugeti, ndipo chala chinayilondola mpaka kudutsa, maso ali chitsinzinire. Atatsegula maso anafunsa ngati phokosolo ndi lomwelo ndithu, chifukwa atakhala m'kati mawindo otseka ankalimva movutikira.

Za m'bandakucha tinazithetsa popanda sipanala. Nditawafunsa mmene amaimikira, zinapezeka kuti amalowa chamutu, ndiye m'mawa amabwerera m'mbuyo mtunda wautali, akuima n'kuyambanso, pansi penipeni pa windo la mwana. Ndinawauza kuti azilowa chambuyo akafika, anthu adakali maso, kuti ponyamuka azingotuluka kamodzi. Funso limeneli nalonso ndikanatha kulifunsa tsiku loyamba lija.

Zotsatira

Anabweranso patatha miyezi inayi kudzachita sevisi. Sipika inali youma, bulaketi ili nga. Mwana anasiya kudzuka, aneba anasiya kuyankhula. Bambo osaona aja anakumana nawo kangapo kuntchito kwawo, bondo linachira, ndipo nkhaniyo sinapite patsogolo. Mayiwo akuti anawauza chilungamo chonse, kuphatikizapo zoti phokosolo anachita kulizimitsa dala.

Pagalaja tinasintha zinthu ziwiri. Galimoto iliyonse yamagetsi kapena ya hybrid ikabwera, kaya yabwerera matayala okha, mmodzi amayiyendetsa kutsogolo ndi m'mbuyo, wina ataima panja akumvetsera, ndipo zimalembedwa pa khadi. Kompyuta imangodziwa kuti kumapeto kwa waya kuli katundu, siidziwa ngati katunduyo akulira. Ogula magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito ndiwo ali pangozi kwambiri, chifukwa amalandira zimene mwini wakale anachita osadziwa, ndipo galimoto yamagetsi ikakhala chete palibe amene amadabwa. Chachiwiri, munthu akapempha kuti timuzimitsire, sitiyankha tisanamve phokosolo, kunja ndi m'kati momwe, ndiponso tisanaunike sipika. Ntchito yomvetserayi ndinamupatsa mnyamata uja. Makutu ake ndi atsopano kuposa anga, amene anatha ndi magirayinda.

Musaganize kuti aliyense wopempha amakhala ndi sipika yophwanyika. Mwezi wathawu kunabwera bambo ena ndi galimoto yatsopano ndithu, pempho lake lomwelo. Tinamvetsera, tinayikweza, tinaunika. Zonse zinali m'malo mwake, phokoso losalala monga analipangira. Iwo amangofuna bata limene akuti analipirira pogula galimoto yamagetsi. Ndinawasonyeza ka resistor kakuda kaja, kamene ndimakasunga m'kabati, ndinawafotokozera za ndodo yoyera, ndinawapempha kuti aime panja atsinzine. Anakana kutsinzina. Anati galimoto ndi yawo, anafunsa ngati ndikudziwa wina amene angawachitire, ndinati sindingawalozere. Anatuluka pageti phokoso likumveka bwinobwino, ndipo kuyambira tsikulo sanabwerenso.